Nyenyezi Imene Apongozi Anga Anaona

Chaka chimene apongozi anga aamuna anabwera kudzakhala nafe ku Lawrence, pafupi ndi mzinda wa Indianapolis kuno ku America, ine ndinali wotopa kale. Ndinkagwira ntchito ya unamwino pachipatala china mu Indianapolis, shifiti ya maola khumi ndi awiri, ndipo mnzanga akadwala ndinkalowanso m'malo mwake. Amuna anga anali atapeza ntchito ya makompyuta pa yunivesite ina ku South Bend. Ankanyamuka Lolemba kusanache n'kubwerako Lachisanu madzulo. M'kati mwa sabata tinkatsala atatu m'nyumba: ine, mwana wathu wamkazi wa zaka khumi ndi zinayi, ndi apongoziwo.

Kwathu zotere sizichitika. Mpongozi amapereka moni ali chapatali, sadyera pamodzi ndi bambo a mwamuna wake, sadutsana nawo pakhomo la bafa. Koma apongozi anga aakazi anali atamwalira, nkhalamba inatsala yokha m'nyumba ku Ntcheu, ndipo ana ake anagwirizana kuti ibwere kuno idzapumeko. Ine anandiuza nkhani itatha kale. Sindinakane, ndipo ndikanafunsidwa sindikanakananso.

Anali mphunzitsi wa sayansi wa kusekondale wopuma pantchito, wamtali, wouma thupi, wovala tayi ngakhale tsiku lopanda kopita. Sanali munthu wophweka. Ankakonza Chingerezi changa ndikamalankhula pa foni, ankakonza Chichewa cha mdzukulu wawo mpaka mwanayo anasiyiratu kuyesa. Iwo ankandiitana kuti Mayi, ine ndinkati Bambo, ndipo kwa miyezi yambiri mawu athu sankapitirira moni, chakudya ndi mankhwala.

Masana ankakhala okha. Ku Lawrence ukakhala wopanda galimoto uli ngati womangidwa, ndipo iwo ankati sanaonepo dziko lopanda anthu oyenda pansi ngati limeneli. Pofuna kuwapezera chochita, amuna anga anawagulira magalasi oonera patali aja amati bainokyula, komanso buku la mapu a nyenyezi. Poyamba ananyoza. Ankati thambo la kuno ndi lopendekeka, magetsi a m'tauni adya Mlalang'amba wonse, ndipo nyenyezi zina zimene anakula nazo sizituluka n'komwe. Koma kenako anayamba kuliphunzira thambolo pang'onopang'ono, kachigawo kamodzi sabata imodzi, akujambula madontho m'kope la sukulu ndi pensulo yosongoka bwino.

Pa nthawi yomweyo ndi pamene ndinayamba kuona zina. Ketulo ndinaipeza m'furiji. Tsiku lina anasiya sitovu ikuyaka popanda kanthu pamwamba. Mdzukulu wawo anamuitana ndi dzina la mwana wawo wamkazi amene anamwalira kalekale ali wamng'ono. Kenako anatuluka masana kukawongola miyendo, n'kusokonezeka njira, ndipo anabwera nawo mayi wina wa mumsewu wachitatu amene anawapeza ataima pakona akuyang'ana uku ndi uku. Ine zimenezi ndimaziona kuntchito tsiku ndi tsiku, ndimadziwa kumene zimalowera. Ndinawabukira kwa dokotala, ndipo pa foni yanga ndinayamba kulemba chilichonse chimene ndaona kuti ndisadzaiwale.

Linali Lachiwiri, mwezi wa Seputembala. Ndinafika kunyumba itadutsa eyiti chifukwa wodwala wina anatisiya shifiti ili pafupi kutha, ndipo ndinatsalira kulemba mapepala. Mapazi anali atatupa m'nsapato. Ndinapeza chitseko cha kuseri chili pululu, udzudzu ukungolowa. Mwana anali patebulo ndi homuweki yake. Nditamufunsa kuti agogo ali kuti, analoza ndi chibwano n'kuyankha m'Chingerezi kuti ali panja chilowereni dzuwa ndipo akana kudya.

Ndinawapeza pakona ya mpanda, pamene galaja ya aneba imatchinga getsi la mumsewu. Anali ataima chilili, zigongono atatsamiritsa pamtengo wa mpandawo.

"Mayi, tabwerani kuno. Musayatse getsi."

"Bambo, kwayamba kuzizira. Tiyeni m'nyumba mukadye."

"Chakudya sichithawa. Gwirani ichi."

Anandipatsa bainokyula ija m'manja. Kanali koyamba kuti andipatse chinthu dzanja ndi dzanja, osachiika kaye patebulo.

"Yang'anani pamwamba pa mtengo uwo, mukwere pang'ono. Mupeza nyenyezi zitatu zokhala ngati mafuwa. Mwaziona? Tsono chakumanzere kwake kuli yachinayi. Imeneyo Loweruka kunalibe. Lamlungu ndi dzulo kunali mitambo. Lero ilipo."

Ndinayang'ana. Manja anga ankanjenjemera ndi kutopa, timadontho tinkangovina m'magalasimo, ndipo sindinathe kusiyanitsa zitatu ndi khumi. Khosi linkawawa. Ndinkafuna kuvula nsapato basi.

"Eya, Bambo, ndayiona."

Anatenga chinthu chawo. Kenako anati, "Ndaphunzitsa zaka zoposa makumi atatu. Mwana amene wayang'ana koma sanaone kanthu ndimamudziwa ndi mawu ake. Pitani mukapume."

Ndinalowa m'bafa n'kuimbira amuna anga. Ndinawauza kuti zinthu zikukula, tsopano Bambo akuona nyenyezi zatsopano kumwamba. Iwo anandifunsa ngati dokotala ndi Lachinayi lomweli. Ndinati inde. Nditadula foni ndinatsegula mndandanda wanga uja n'kuwonjezera mzere umodzi: akuona zinthu zimene palibe.

Lachitatu madzulo ndinawapeza atakhala pabalaza, tayi ili m'khosi, envulopu ili pabondo. Anandiuza kuti nyenyezi ija yawala kuposa dzulo. Dzulo inali yofanana ndi yaing'ono mwa zitatu zija, lero yaiposa ndipo ikuyandikira yapakati. Anati zimenezi sizofunika kuzisunga m'nyumba, alemba kalata. Pa envulopu panali patalembedwa m'Chingerezi kuti ikupita kwa akatswiri a zakuthambo, koma adiresi panalibe.

"Adiresi mupeze inuyo pa foni yanuyo. Koma ipite mawa. Zinthu izi sizidikira munthu."

Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinaiika m'chikwama changa cha kuntchito, pakati pa magolovesi ndi mankhwala a mutu, ndipo sindinaiganizirenso.

Lachinayi ndinapempha ofu ya theka la tsiku kuti ndiwaperekeze. Dokotala anali mayi wachikulire, wolankhula mofatsa. Anawauza mawu atatu kuti awasunge m'mutu, adzawafunsa pambuyo pake. Kenako anawapatsa pepala kuti ajambule wotchi. Bambo anaseka mwamwano n'kunena m'Chingerezi chawo chosalala kuti ena mwa ana amene anawaphunzitsa lero ndi madokotala. Anajambula bwalo labwinobwino. Koma manambala onse anawaunjika mbali imodzi, ndipo atafika pa naini anaima, pensulo ili m'mwamba. Pa mawu atatu aja anakumbukira amodzi okha.

Kenako dokotala anatembenukira kwa ine n'kufunsa zimene ndaona kunyumba. Ndinawerenga mndandanda wanga monga momwe ndimaperekera lipoti posinthana shifiti: ketulo, sitovu, dzina, kusochera. Nditafika pa mzere womaliza sindinaime. Ndinanena kuti masiku awiri apitawa akhala akuumirira kuti akuona nyenyezi yatsopano. Dokotala analemba. Ndinalankhula zonsezi ngati mwiniwake palibe, pamene anali pampando wa pafupi nane ndipo Chingerezi ankachimva kuposa ine.

Pobwerera tinaima pamphambano titatsala pang'ono kufika. Tili pamagetsi ofiira anati, maso ali kutsogolo, "Za ketulo mwanena zoona. Za sitovu mwanena zoona. Koma chomaliza chija, Mayi, simunayang'ane n'komwe."

Madzulo amenewo kunagwa mvula. Anagona osadya.

Lachisanu masana ndili kuntchito, foni inalira m'thumba katatu motsatizana. Amuna anga saimba nthawi ya ntchito, choncho ndinathamangira m'kachipinda kosungira nsalu. Anandifunsa ngati kope la Ababa lili pafupi. Ndinati ndili kuchipatala, kope lili kunyumba, kwachitika chiyani?

Anandifotokozera kuti m'mawa umenewo anaitanidwa kukakonza kompyuta kunyumba imene amaphunzitsirako za sayansi. Pakhomo anapeza chikalata chonena kuti Loweruka madzulo atsegula telesikopu ya padenga kuti aliyense adzaone nyenyezi imene yangowala kumene sabata yomweyi. Anafunsa mayi amene ankamukonzera kompyutayo, mtsikana wochita kafukufuku wa zakuthambo, kuti nyenyeziyo ili mbali iti. Mtsikanayo anawaonetsa mapu. Iwo anauza mwana wathu kuti akaweruka kusukulu ajambule masamba a kope lija ndi foni, awatumizire.

Anaimbanso cha m'ma folo, ndipo ndinalowanso m'kachipinda kaja. Mawu awo anali achilendo, ngati munthu amene akufuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi.

"Ndi yomweyo. Wayika chojambula cha Ababa pambali pa mapu ake, chagwirizana ndendende. Akuti woyamba kuiona ndi munthu wina wa kutsidya kwa nyanja, Lolemba, ndipo analengeza pomwepo. Ababa aiona tsiku lotsatira, kuwala kwake kukukwerabe. Akuti tibwere nawo mawa ndi kopelo."

Ndinakhala pansi pamulu wa mabulangete. Sindinasangalale. Ndinangomva kutopa kwina kumene sindinakumvepo, kolowa mpaka m'mafupa. Tinagwirizana kuti iwo asabwere sabata imeneyo, ife ndi amene tipite.

Nditafika kunyumba ndinawapeza m'chipinda chawo, chitseko chili chotsegula, atakhala pabedi. Chibwerereni ku America ndinali ndisanagwadirepo munthu. Tsiku limenelo ndinagwada pakhomo la chipindacho, yunifolomu ili m'thupi, n'kuwauza zonse monga momwe ndinazimvera. Ndinamaliza ndi kupepesa.

Anamvetsera osaphethira. Sanamwetulire. Anangofunsa kuti, "Kalata ija munatumiza?"

Ndinatsegula chikwama n'kuitulutsa. Inali itapindika pakona. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaiika m'kati mwa kope lawo.

"Munthu wa kutsidya kwa nyanjayo anaiona Lolemba?"

"Akutero, Bambo."

"Lolemba kuno kunali mitambo," anatero. "Dzukani, Mayi. Mawa tinyamuka nthawi yanji?"

Loweruka ndinadraiva ndekha ulendo wonse wopita kumpoto, pafupifupi maola atatu, Bambo ali pambali panga, mwana ali kumbuyo. Mbali zonse za msewu kunali minda ya chimanga chouma, yosalala mpaka kumene maso amalekezera. Titadutsa theka la njira anayamba kulankhula, osati ndi ine kwenikweni, koma ndi galasi la kutsogolo, ngati pali kalasi.

Anati nyenyeziyo si yatsopano ayi, ngakhale akatswiri amaitcha nova, mawu otanthauza chatsopano. Inalipo kale, kungoti inali yozilala kwambiri moti maso sakanaiona. Ndipo si imodzi, ndi ziwiri zoyandikana kwambiri, zozungulirana. Ina ndi yotha kale moto, yaing'ono koma yolemera koopsa, ndipo imakoka mpweya wa inzakeyo n'kumadziunjikira pamwamba. Mpweyawo ukachuluka umatentha mpaka kuyaka kamodzi n'kamodzi, ndiye kwa masiku ochepa kanthu kamene sikankaoneka kamawala mpaka munthu wa kuseri kwa nyumba ku Lawrence n'kukaona. Kenako kamazilalanso.

Mwana anachotsa zomvera nyimbo m'makutu. Anafunsa m'Chichewa chake chopunduka ngati nyenyeziyo imafa ikatero. Agogo ake sanamukonze. Anati ayi, imatsala, n'kuyambanso kukoka.

Tinafika ku South Bend dzuwa likulowa. Amuna anga anatidikira pamalo oimika magalimoto, ndipo tinakwera chikepe mpaka pamwamba. Padenga panali anthu ngati makumi awiri, ana a sukulu ndi mabanja, atandanda pamzere. Mtsikana wofufuza uja anali wamfupi, wovala juzi yaikulu. Atawaona Bambo anasiya mzere n'kubwera kudzawagwira chanza ndi manja awiri, mwina amuna anga anali atamuuza. Anapempha kope.

Analiwerenga ndi katochi kofiira, tsamba ndi tsamba. Anaona masamba a masabata a m'mbuyo, pamene panali madontho atatu okha, ndipo anati amenewo ndi ofunikanso chifukwa akusonyeza tsiku lomaliza limene panalibe kanthu. Koma atafika pa Lachiwiri anakwinya nkhope. Nthawi imene inalembedwa inali ya m'bandakucha wa Lachitatu, ndipo pa ola limenelo nyenyeziyo ikanakhala itatsikira kale kuseri kwa nyumba. Anafunsa mwaulemu ngati Bambo sanalakwitse. Ndinaona amuna anga akuyang'ana pansi.

Bambo anapinda mkono wa jekete n'kumuonetsa wotchi yawo. Chibwerereni anali asanaisinthe. Inkayendabe nthawi ya ku Malawi.

Mtsikanayo anaseka mokweza, anachotsera maola asanu ndi limodzi, ndipo zonse zinagwirizana. Anatsegula kompyuta yake pomwepo. Anatiuza kuti pali malo amene anthu oyang'ana nyenyezi padziko lonse amatumizako zimene aona, ndipo pa maola amenewo a Lachiwiri oona anali ochepa chifukwa madera ambiri kunali mitambo. Anawafunsa dzina. Bambo analitchula lonse, kenako analitchulanso chilembo chimodzichimodzi, ataima mowongoka.

Atafika pa telesikopu anawerama nthawi yaitali. Podzuka anati m'Chichewa, "Ndi kadontho komweko. Kangofiirirako pang'ono." Ndinaona kuti ankayembekezera zambiri. Ine ndinayang'ananso pambuyo pawo, ndipo ulendo uno ndinayang'anadi. Kanali kadontho kowala bwino, kachikasu kopita kofiira, kali phee pakati pa mdima. Panalibe chodabwitsa pa maonekedwe ake. Ukanapanda kuuzidwa sukanadziwa kuti sabata yathayo panalibe.

Anyamata ndi atsikana a pa yunivesite anawazungulira. Wina anafunsa kuti anadziwa bwanji popanda makina. Bambo anatenga pensulo m'thumba n'kuyamba kuwaonetsa mmene amayerekezera kuwala kwa nyenyezi ndi zinzake zoyandikana nazo, iyi yaposa iyi, koma sinafike pa iyo. Kwa theka la ola ndinaona munthu amene ndinali ndisanamuonepo. Mawu anali amphamvu, ankafunsa mafunso n'kudikira mayankho, ankaseketsa anthu. Amuna anga anandinong'oneza kuti umu ndi mmene analili iwo ali ana.

Potsika, amuna anga ndi mwana anatsogola kukatenga galimoto. Ine ndinatsala ndi Bambo pakhomo la nyumbayo. Anali akupuma mofulumira pang'ono, nkhope ikuwalabe. Anayang'ana magalimoto, anayang'ana mitengo, kenako anandiyang'ana ine.

"Mayi, basi yobwerera kusukulu inyamuka nthawi yanji? Mawa m'mawa ndili ndi a Fomu 4, ndipo sindinakonze zoyesera."

Ndinawagwira pamkono, chinthu chimene mpongozi sachita.

"Galimoto ikubwera, Bambo. Tifika nthawi yabwino."

Sindinawauze amuna anga usiku umenewo. Ndinawasiya asangalale mpaka Lamlungu titatuluka m'tchalitchi.

Sabata yotsatira ndinaimbira dokotala uja n'kumupempha kuti afufute mzere womaliza wa zimene ndinanena, chifukwa nyenyeziyo ilikodi. Anadabwa, anati akonza, kenako anawonjezera mofatsa kuti zotsalazo sizisintha. Ndinati ndikudziwa.

Tinaitsatira nyenyeziyo mpaka masamba a mitengo atayoyoka. Ndikafika kuchokera kuntchito ndinkangosintha nsapato n'kutuluka nawo pakona ya mpanda. Masiku ena ndinkachita mokondwa, masiku ambiri ndinkachita chifukwa ndinkaopa kuti akatuluka okha asochera. Anandiphunzitsa kutsamiritsa zigongono kuti manja asanjenjemere. Iwo ankayang'ana n'kunena, ine ndinkayang'ana n'kunena, tikasiyana tinkakangana pang'ono, kenako iwo ankalemba zawo. Lamlungu lililonse mwana ankajambula tsambalo n'kutumiza kwa mtsikana wa ku South Bend. Nyenyeziyo inazilala msanga sabata ziwiri zoyamba, kenako pang'onopang'ono. Inafanananso ndi yaing'ono ija, n'kuchepa kuposa pamenepo. Chakumapeto kwa Novembala ndinkaiona pokhapokha ndikayang'ana chapambali pake. Tsiku lina sindinaione, ndipo ndinawauza choncho. Iwo anayang'ana nthawi yaitali n'kuvomera kuti nawonso sakuiona.

Nyengo yozizira imeneyo inali yovuta. Sankathanso kutuluka, ndipo m'nyumba munkawachepera. Anayamba kudzuka n'kuvala kuti akupita kukalasi. Tinaika loko wina pamwamba pa chitseko. Ndinachepetsa masiku a ntchito, kenako ndinawabwezeranso chifukwa sizikanatheka. Azimayi awiri a kutchalitchi kwathu, mmodzi wa ku Beech Grove, ankasinthana kudzakhala nawo masana, koma Bambo ankawathamangitsa, ankati sakufuna alendo m'nyumba ya sukulu. Amuna anga ankayenda msewu wa South Bend kawiri pa sabata m'malo mwa kamodzi, ndipo anaonda. Ine ndinkasamalira odwala masana onse, n'kubwera kudzasambitsa apongozi anga madzulo, ine kuyang'ana kumbali, iwonso kuyang'ana kumbali.

Mlamu wanga wamkazi, mwana wawo wamkulu amene ali ku Malawi, ndi amene ananena zimene tonse tinkaopa kunena. Anati abwerere kwawo akadali kuzindikira njira ya kutchalitchi ndi manda a amayi, iye asamukira kumudziko kuti azikhala nawo. Amuna anga anakana kwa mwezi wathunthu. Kenako anavomera, ndipo anapempha tchuthi kuti awaperekeze.

Ananyamuka mu Epulo, m'mawa. Ndinawatengera ku bwalo la ndege ndisanapite kuntchito. Bambo anali atavala suti yawo yakuda, ndipo njira yonse chipewa chinali pamiyendo. Titafika amuna anga anapita kukafuna njinga ya odwala, mwana anapita nawo. Bambo ndinawatsitsa m'galimoto n'kuwakonza kolala.

Anandiyang'ana mwaulemu, monga momwe munthu amayang'anira mlendo amene wamuchitira zabwino.

"Mwandisamala bwino kwambiri pamalo pano," anatero. "Chakudya chinali chabwino, zofunda zinali zoyera. Mukawauze akuluakulu anu kuti ndathokoza. Kodi inu kwanu ndi kuti?"

Ndinawauza kuti kwathu ndi ku Dedza.

"Si kutali ndi kwathu. Mukadzabwera patchuthi mudzatipeze. Ndili ndi mwana wamwamuna, ndidzakuonetsani."

"Ndidzabwera, Bambo."

Anandigwira chanza, dzanja lina atagwira pachigongono. Kenako njinga inafika, anakhalapo, ndipo mwana wawo anawakankha kulowa nawo m'kati. Mdzukulu wawo anayenda pambali atagwira chipewa chija mpaka pamene anamuletsa kupitirira.

Ndinakamusiya mwana kusukulu, maso ake ali ofiira, n'kupitirira kuchipatala. Ndinafika kutatsala mphindi makumi awiri kuti ndilowe, chifukwa ndinali nditapempha kuyamba mochedwa. Ndinazimitsa injini, ndinatsitsa mpando, ndipo ndinagona pomwepo lamba ali m'chiuno, mpaka mnzanga wina anagogoda pagalasi.